Phazi Lako Likhale ku Magodi

Lusaka,
Lachinayi, 17 Okutobala 2024

Wokondedwa mbale wanga Faides,

Monire mose kukaya. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, iwe amene unanditsatira potuluka m'mimba mwa amama koma mpaka lero umakana kuti ndine mkulu. Uli bwanji? Nanga amama, maso aja akuonako pang'ono kapena chifunga chija chawonjezeka? Alamu anga a Darius ali bwanji, ndi ana onse? Linah wanga akudya bwino, akuwerenga? Kuno tikudzuka, Mulungu akutisunga, ngakhale dzuwa la mwezi uno likufuna kutiwotcha amoyo m'kati mwa mpanda uno.

Usadabwe kuona kalata pamene foni ilipo. Foni ya kuno ili ndi makutu ambiri. Ndikamalankhula nawe Lamulungu, a Cathrine, akazi a msuweni wathu Jethro, amakhala ali pampando pomwepo, ndipo kumeneko foni ndi ya a Darius, amene amakweza mawu kuti mudzi wonse umve. Ndiye ukafunsa kuti ndili bwanji, ndimati makora, ndili bwino, nonse n'kusangalala. Kalata iyi uwerenge wekha, kudimba kapena kuseri kwa chigafa.

Ndikulemba masana, ankhazi a Yunike, azakhali athu aja, ali mtulo. Ndikulemba nditaimirira, pepala lili pathabwa lositirapo zovala, chifukwa kukhala pansi nthawi yaitali sindingathe. Ukaona zilembo zapendama, usati ndaiwala sukulu. Ndi msana, mbale wanga.

Iwe sufunika kuuzidwa za msana, poti tinakulira pa misana ya anthu. Ukukumbukira mmene ankafikira kwathu mamawa, ena pa njinga, ena atagona m'ngolo, kufuna phazi la mapasa. Amama ankayala mkeka pansi pa mtengo wa mango uja, wodwala n'kugona chafufumimba, ife n'kugwira nthambi, n'kuponda ndi chidendene katatu, tisanasambe kumaso ndiponso tisanalankhule ndi munthu. Msana ukati tho, munthu ankadzuka akuseka, n'kutisiyira mazira kapena mtedza. Iwe unkaponda ngati ukuopa minga, ine ngati ndikuponda dothi la njerwa, ndiye amuna ouma thupi ankachita kunditchula dzina kuti akufuna Dainess.

Kutchuka kumeneko ndi kumene kunandibweretsa kuno. Ankhazi, pokhala mlongo wa malemu adada, atatuma a Jethro kuti akufuna phazi langa, ndani akanakana? Anati masabata awiri okha. Ndinanyamula zitenje ziwiri ndi diresi la kutchalitchi, ndinasiya mtedza wanga uli m'munda, ndinauza Linah kuti ndimubweretsera nsapato asanatsekere sukulu. Nthawi imeneyo anali giredi folo. Lero akukonzekera mayeso a giredi seveni, ndipo nsapato zija zikanakhala zitamuthina kalekale.

Pali zimene sindinakuuzepo za masabata awiri aja. Ndinawaponda ankhazi mamawa atatu, nditagwira felemu ya chitseko poti kuno kulibe nthambi. Anati apeza bwino, mpaka anandivinira m'khitchini. Tsiku lachisanu ndi chinayi anagwa m'bafa, mbali yakumanja yonse n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Zimenezo mukuzidziwa. Chimene simukudziwa n'chakuti tikutuluka m'chipatala tsiku limenelo, a Jethro ananena motsitsa mawu, akuyang'ana pansi, kuti amayi awo anali bwinobwino asanapondedwe.

Mawu amenewo sanawabwerezenso, ndipo mwina anaiwala kuti anawanena. Ine sindinaiwale. Atandipempha kuti ndikhaleko kaye mpaka ankhazi atachira, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ndinkaona kuti ndine ndawagwetsa, ndiye ndine woyenera kuwanyamula. Ndawanyamula zaka zitatu.

Usamve ngati akundizunza, ayi. Ndimadya zimene iwo akudya, sopo ndili naye, ndipo feteleza amene amatumiza kumeneko ndikudziwa kuti amama amamuyamikira mpaka m'pemphero. Koma tsiku langa ndi ili: kuwachotsa ankhazi pabedi kuwaika panjinga yawo ya odwala, kuwachotsa panjinga kupita nawo kuchimbudzi, kubafa, kukhonde kuti aotheko dzuwa, kenako kubwerera. Tsiku limodzi ndimawanyamula kasanu ndi kamodzi, nthawi zina kupitirira. Ndipo ukuwadziwa ankhazi, Mulungu sanawamane thupi.

Eni nyumba akapita kuntchito amakhoma geti, makiyi n'kupita nawo, poti kumayadi kuno amaopa akuba. Pamwamba pa mpanda pali mawaya amagetsi. Anthu kumudzi akamati Dainess ali ku Lusaka amaganiza kuti ndimayendayenda m'mashopu, koma Lusaka amene ndimamudziwa ine ndi wa m'makutu: mahutala a minibasi, mayi wogulitsa tomato amene amadutsa cha m'ma teni, ndi galu wa kuseri. Mayi wa tomatoyo ndamumva zaka zitatu, nkhope yake sindiidziwa. Kutuluka kwanga ndi kuchipatala ndi ankhazi, ndi kutchalitchi pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Amati mlendo ndi mame, koma mame a kuno anakana kuuma.

Msana unandigwira mu Juni. Ndinkawatulutsa m'bafa, phazi lawo labwino n'kuterereka, ine n'kuwawakha ndi chiuno chopotoka. Ndinamva ngati munthu wandibaya ndi nsungwi yosongola kumunsi kwa msana. Sindinawagwetse. Ndinawafikitsa pabedi, kenako ndinagwada pansi n'kuluma bulangeti kuti asamve.

Kuyambira pamenepo ndimayenda ngati nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu. Chimene chimandiseketsa, pamene sichikundiliza, n'chakuti phazi limene lawongola misana ya anthu onse a kwathu ku Magodi silingafike pamsana pa mwini wake. Ndinayesa kugonera botolo. Ndinafuna munsi kuti ndizidzikanda nawo, koma nyumba ino ilibe munsi, zonse amapera ndi makina. Ndinamwa mapanado mpaka m'mimba munayamba kuwotcha.

Apa ndikuuze za a Conrad. Ndi wachipatala wa zolimbitsa mafupa ndi minofu, amene amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzawongola mkono ndi mwendo wa ankhazi. Masiku amenewo a Cathrine amasiya kiyi wa geti laling'ono kwa oyandikana nawo nyumba. A Conrad kwawo ndi ku Chikomeni, ndipo tsiku limene anandimva ndikukalipira ketulo m'Chitumbuka anaseka mpaka kukhala pansi. Ndi amene anaona mmene ndinkatolera sopo atagwa, kuti ndinayamba ndagwira khoma, n'kutsika ndi mawondo ngati mayi wa pakati. Anandifunsa kuti zayamba liti. Ndinati si kanthu. Anati si kanthu wa kwathu amamudziwa, ndi amene amapha anthu.

Anandiyeza, kundifunsa ngati miyendo imachita dzanzi kapena ngati mkodzo umandipulumuka. Nditati ayi, anati mwayi ulipo. Kenako anandiuza kuti akupitiriza maphunziro, ndipo akufufuza za anthu odwala msana: akufuna kudziwa kuti munthu akawongoledwa msana ndi manja, ululu umatsika bwanji, komanso chimachitika n'chiyani ndi timadzi ta nkhawa ta m'thupi. Anati ngati ndikufuna ndikhoza kulowa nawo, ngati sindikufuna adzandithandizabe. Anandiwerengera pepala lonse ndisanasaine. M'zaka zitatu, ameneyu anali munthu woyamba kundifunsa ngati ndikufuna.

Za timadzi ta nkhawazo anandifotokozera chonchi. M'thupi muli timadzi totchedwa mahomoni, timene timanyamula uthenga kuchoka ku chiwalo china kupita ku china. Ina mwa mahomoniwo ndi kotizo, yochokera mu tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Munthu akadzidzimuka, akamva ululu kapena akakhala ndi nkhawa, imachuluka kuti thupi likonzeke kuthawa kapena kulimbana. Akuti si yoipa, imathandiza kutidzutsa m'mawa, n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Vuto limabwera munthu akakhala wokonzeka kuthawa chaka ndi chaka koma osathawa. Atanena zimenezo ndinayang'ana pawindo, iwo anayang'ana m'chikwama chawo.

Ndiye anati kotizoyo amaiyeza m'malovu. Faides, ndinatsala pang'ono kukana! Ife amene amama anatiphunzitsa kukwirira malovu ndi mchenga kuti munthu asawatole, lero ndiwapereke ndekha m'kabotolo, munthu alembepo nambala, apite nawo? A Conrad anaseka, anati agogo awo ku Chikomeni akanadziwa ntchito imene mdzukulu wawo amagwira akanamuitanira abusa. Ndinavomera. Umatafuna kathonje, n'kukalavulira m'kabotolo: kamodzi asanakugwire, kachiwiri atangomaliza, kachitatu patapita maola awiri. Usanatero sudya, sumwa tiyi. Timabotolo amatiika m'kabokosi kozizira ngati ka katemera.

Kuwongola kwawo n'kosiyana ndi kwathu. Sakukwera pamsana. Amakugoneka cham'mbali pa kabedi kopinda kamene amayenda nako, bondo lapamwamba n'kulipinda, dzanja limodzi paphewa, mkono wina pachiuno. Amakupotola pang'onopang'ono mpaka pamene thupi lakanira, akuuza kuti utulutse mpweya, kenako kukankha kamodzi, kwakufupi, kwachangu. Tho! Tsiku loyamba ndinakuwa dzina la amama. Ankhazi, amene ankaonerera ali panjinga yawo, anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa mpaka misozi. Sindinawaonepo akuseka chotero chigwereni.

Nditadzuka ndinawerama n'kugwira mawondo popanda kugwira khoma. A Conrad amafunsa kuti ululu uli pati, kuyambira pa ziro kufika pa teni. Ndinagona uli pa eyiti, ndinadzuka uli pa folo. Masana a tsiku limenelo ndinasesa khonde ndikuimba sumu ya kutchalitchi.

Ndinawauza monyada kuti fupa labwerera m'malo mwake, monga tinkauzira anthu kwathu. Anati ayi, palibe fupa limene linachoka. Phokoso lija ndi kampweya ka m'madzi a polumikizira mafupa, ngati mmene zala zimalirira ukazikoka. Chimene chimathandiza, akuti, n'chakuti kukankha kuja kumatontholetsa mitsempha yonyamula ululu kwa kanthawi, minofu imene inakungika n'kumasuka. Anthu ena a m'kafukufuku wawo amangowaika manja osakankha, kuti aone ngati kukhudzidwa kokha kumachita kanthu.

Ndinawafunsa ngati ndiye kuti ife tinkanamiza anthu zaka zonse zija. Anati sanganene choncho, chifukwa mpumulo umene anthu ankaumva unali weniweni, kungoti ndi wa kanthawi. Anawonjezera kuti munthu amene wagona pamthunzi, mayi wachikulire akumufunsa za ana ake, kenako wina n'kumugwira pamene pakuwawa, thupi lake limamasuka ngakhale chidendene chisanafike. Koma anandikalipiranso, ndipo uthenga uwu ndi wako: nkhalamba usamaziponde, mafupa awo ndi ofooka, ndipo munthu amene miyendo ikuchita dzanzi kapena mkodzo ukumupulumuka umutumize kuchipatala ku boma tsiku lomwelo. Pakhosi usadzapondepo munthu ngakhale atakugwadira.

Mawu a pakhosiwo ndi amene ananditsegula pakamwa. Ndinawatengera kukhitchini n'kuwafunsa chimene ndinasunga zaka zitatu, ngati ndine ndinawagwetsa ankhazi. Anandifunsa kuti ndinaponda pati. Ndinawasonyeza, kumunsi kwa msana, pamene timaponda nthawi zonse. Anafunsa ngati ndinagwira khosi, ndinati sindinayambe. Kenako anati buku la kuchipatala la ankhazi analiwerenga lonse. Anali ndi bipi yokwera kwa zaka zambiri, ndipo anali atasiya kumwa mapiritsi miyezi ingapo asanagwe, poti ankamva bwino m'thupi. Anati sitiroko yawo inachokera kumeneko, osati ku phazi langa.

Mbale wanga, ndinapita kochapira n'kulira ngati pamaliro. Ndinalira chifukwa cha chimwemwe, ndinaliranso chifukwa cha mkwiyo, poti mawu amenewo dokotala aliyense akanandiuza sabata yoyamba ndikanangofunsa. Sindinafunse chifukwa ndinkaopa yankho.

Ndinkaganiza kuti mtolo umenewo ukatsika, geti litseguka lokha. Silinatseguke. Tsiku lomwelo madzulo ankhazi anafunika kupita kuchimbudzi, ndipo amene analipo ndine. Sadya kuchokera m'dzanja la munthu wina, a Cathrine akayesa amafumbata milomo. Chinyanja ndi Chingelezi zonse zinawathawa, anatsala ndi timawu tochepa ta Chitumbuka, ndipo m'nyumba muno wowamva bwino ndine ndekha. Ndikapita kukayanika zovala n'kuchedwako, ndimawapeza akulira. Ndimawakonda, ndisakubisire, ndipo masiku ena ndimakwiya nawo mpaka kuopa mtima wanga. Zonse ziwirizo zili mwa ine, ndipo sindidziwa kuti munthu amachoka bwanji pamalo otero.

A Conrad anandiwongola masabata asanu ndi limodzi. Ulendo uliwonse zinali chimodzimodzi. Lachiwiri ululu umatsika kufika pa folo, mwina pa fili. Lachitatu madzulo, nditawanyamula ankhazi kangapo, wabwerera pa seveni. Lachisanu tho, Loweruka wabwerera. Iwo amamasula, ine ndimamanganso.

Sabata yatha anabwera ndi zotsatira za malovu. Anati kwa ine kotizo ija inkakwera pang'ono akangomaliza kukankha, monga thupi limachitira likadzidzimuka, pakapita maola awiri n'kubwerera m'njira yake ya masiku onse. Kuyambira sabata yoyamba mpaka yomaliza sinasinthe. Anati kwa anthu ena zimatuluka mosiyana, ndipo ngakhale ophunzira kwambiri sanagwirizane pa nkhaniyi, ndiye sangandiuze zoposa zimene timabotolo taonetsa. Ine ndinamva zanga: manja awo afika pamsana, koma pamene pakuchokera nkhawa sanafikepo.

Panalinso pepala la mafunso limene ndinkayankha sabata iliyonse. Limafunsa ngati ndimagona bwino, ngati ndimamva kuti zinthu zandikulira, ndiponso kuti ndi liti pamene ndinachezera mnzanga komaliza. Funso la mnzangalo ndinkangolisiya, poti panalibe malo olembapo zaka. A Conrad anati pepala limenelo linawauza zambiri kuposa malovu. Anati nkhawa yosatha ndi kusowa tulo zimakweza ululu ngati mmene munthu amakwezera wailesi, ndipo msana umene ukunyamula munthu wamkulu kasanu ndi kamodzi patsiku sungapole, ngakhale atauwongola mpaka chaka chamawa.

Ndiye anachita chinthu chabwino chimene chabala vuto. Analembera a Jethro kalata. Analemba kuti ndipume kunyamula kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo kuti ankhazi azinyamulidwa ndi anthu awiri, kapena agule makina onyamulira odwala, kapena alembe ntchito munthu wophunzira kusamalira odwala kuti tizisinthana.

Tsopano ndiulule kulakwa kwanga. Mu Ogasiti, tsiku lina ululu utandikulira, ndinanena patebulo, onse akumva, kuti Faides akanakhala pafupi akanandiponda kamodzi kokha n'kuchira. Ndinangonena ngati mmene munthu amaitanira amake akapunthwa. A Jethro anasunga mawuwo.

Lamulungu lapitali, atawerenga kalata ya a Conrad, anandiitana pabalaza. Analankhula mokoma. Anati makina aja akawaganizirabe, koma munthu wachilendo m'nyumba sakumufuna, poti amayi awo sangamuzolowere ndipo a masiku ano ndi osakhulupirika. Anati adokotala alemba kuti anthu awiri, ndipo ine ndinanena ndekha kuti ndikufuna mbale wanga. Ndiye aganiza zoti akuitane, udzandiponde, undithandize kunyamula mpaka ndipezeko bwino, ubwerere mvula isanagwe. Anati chibale ndi fupa, sichiola. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati fupa limene likunenedwalo lili kumunsi kwa msana wanga.

Ndinawafunsa kuti udzakhala nthawi yaitali bwanji. Anati masabata awiri okha.

Ankhazi anali pomwepo panjinga yawo. Atamva dzina lako anayamba kunena kuti yayi, yayi, akugwedeza mutu. A Jethro anaseka, anati amama masiku ano chilichonse ndi yayi, ngakhale phala. Mwina n'zoona. Koma dzanja lawo labwino linali litandigwira pamkono, ndipo anandifinya mpaka zikhadabo zinalemba.

Apa ndafika pa chimene ndalembera kalatayi, ndipo pempho langa ndi limodzi lokha. Usabwere.

A Jethro adzaimba foni kumapeto kwa mwezi uno. Adzalankhula ndi a Darius mwaulemu, adzalonjeza ya basi, adzatchula msana wanga, ndipo amama akadzamva kuti ndikudwala adzakhala oyamba kukulongedzera chikwama. Kenako adzandipatsa foni ine, iwo ataima pambali panga. Ndikudziwa zimene ndidzanene. Ndidzati bwera, mbale wanga, msana wandipha. Mwina ndidzalira. Usadzamvere mawu amenewo, udzamvere kalata iyi. Choopsa n'chakuti pa foniyo sindidzakhala ndikunama. Palibe chimene ndikuchilakalaka padziko pano kuposa kuona nkhope yako ikulowa pageti paja, ndi kumva phazi lako la mantha lija pamsana panga. N'chifukwa chake ndalemba lero mutu uli bwino, ululu uli pa faifi, chifukwa ukafika pa eyiti ndimatha kugulitsa ngakhale iwe.

Ndikudziwa mmene zidzayendere ukabwera, poti njira imeneyi ndinaiyenda. Sabata yoyamba adzakulandira ndi nkhuku. Yachiwiri ankhazi adzazolowera dzanja lako. Yachitatu adzati dikira kaye Dainess alimbe. Mvula idzagwa, fodya wako adzawokedwa ndi anthu ena, ndipo palibe amene adzakhale atakulakwira poyera, aliyense adzakhala akukuthokoza. A Jethro si munthu woipa, ndi munthu amene wapeza njira yosavuta. Wantchito amaweruka, amakhala ndi Lamulungu lake, akatopa amatsanzika. Mbale saweruka. Ukabwera iwe, makina aja sadzagulidwa, munthu uja sadzalembedwa, ndipo m'malo mwa mmodzi tidzakhala awiri kuseri kwa mawaya.

Ukakana, adzakakamizika kuwerenganso kalata ya a Conrad mpaka pansi. Mwina adzalemba munthu, tizisinthana, ankhazi amuzolowere pang'onopang'ono. Ndi njira yokhayo imene ndikuiona yoti tsiku lina ndidzatuluke muno popanda kusiya munthu wodwala pansi. Ukabwera, njira imeneyo yatsekeka.

Usanene bodza pokana, zoona zilipo zokwanira. Amama sakuona, wowatsogolera kutchalitchi ndi kuchigayo ndiwe. Nazale ya fodya ikufuna madzi m'mawa ndi madzulo. Linah akulemba mayeso, ndipo mayi amene akumudziwa tsopano ndiwe. Uwauze a Darius zimene ungathe kuwauza, ayankhe ndi iwo, poti mwamuna akati mkazi wanga sachoka pakhomo nthawi ya dzinja, a Jethro sangalimbane nawo. Achibale adzakunena kuti ndiwe wouma mtima, wosiya mnzako wobadwa naye tsiku limodzi akuvutika. Mwina amama adzakhala masiku osakulankhula. Upirire zimenezo chifukwa cha ine. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu wolemera, koma ndi wopepuka kuposa ankhazi.

Kalatayi ndipatsa a Conrad mawa akabwera. Akaipereka kwa a Danwell, kondakitala wa basi ya ku Lundazi amene amadziwana nawo, ndipo iwo akaisiya pagolosale imene a Darius amagulapo mchere. Ndikupemphera kuti kalatayi ifike foni ya a Jethro isanalire. Ikakupeza, Lamulungu likubwerali pocheza udzangondiuza kuti mango ayamba kukula, ndidzadziwa kuti wawerenga.

Undiperekere moni kwa amama, uwagwire dzanja nthawi yaitali, uwauze kuti ndi langa. Moni kwa alamu anga a Darius, uwathokoze posunga mwana wanga ngati wawo. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana ako onse kuyambira wamkulu mpaka wa kumsana, ndi kwa amayi a chigwirizano amene amandikumbukira m'mapemphero. Linah umuuze kuti awerenge mafunso kawiri asanayankhe, asathamange ngati amake. Usamuuze za msana. Undiyezere phazi lake ndi ulusi, unditumizire kudzera kwa a Danwell, ndione ngati a Cathrine angandigulire nsapato zija.

Ankhazi ayamba kutembenuka, ndi nthawi yowanyamula. Mkeka wa amama uja usautaye ngakhale wang'ambika m'mbali, ndipo a Darius asadule nthambi yathu ya mango ija, ngakhale akuti ikugwetsera masamba padenga. Tsiku limene ndidzatsike basi ku Lundazi sindikulidziwa, koma ndikufuna ndidzakupeze kwathu, usanasambe kumaso, usanalankhule ndi munthu. Ndidzagona pansi ndekha, ndipo tsiku limenelo usadzaponde ngati ukuopa minga.

Khalani makora mose. Mulungu akusunge komweko.

Ndine mkulu wako, ngakhale ukane,
Dainess